Lenzi Yaitali Yogula Pamsewu

Panali munthu wina, mayi wojambula zithunzi m'maukwati. Mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, anamaliza maphunziro a unamwino. Apongozi ake anali chigonere chifukwa cha sitiroko, ndiye anamugwira dzanja mayiyo nati, "Ine kumwamboko sindikafika. Mukandijambulire mwana wanga akulandira satifiketi, ndidzaone nkhope yake."

Vuto linali loti ojambula sankaloledwa kufika kutsogolo. Pankafunika lenzi yokoka zinthu zakutali.

Kusitolo ya makamera, wogulitsa anati, "Mayi, musatengeke ndi kutalika. M'holo mumakhala kamdima. Tengani yaifupiko iyi, imalowetsa kuwala kokwanira. Ngati yakukwererani mtengo, timabwereketsanso."

Mayiyo anangoti aganize kaye. Atatuluka, bambo wina wa chikwama kumsana anamutsatira.

"Amenewo akudyerani masuku pamutu. Taonani iyi."

Anatulutsa chilenzi chotalika ngati mkono. Mayiyo anachimanga pakamera, dzuwa likuswa mtengo, n'kuloza galimoto yomwe inali kumapeto kwa msewu. Nambala yake anaiwerenga bwinobwino. Anagula pomwepo, bambo uja n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Tsiku la mwambo anamuika kumbuyo kwenikweni. Mayina atayamba kuitanidwa, anakweza kamera. Lenzi inangolira, kupita kutsogolo, kubwerera, osaonetsa munthu bwino m'kamdima ka m'holomo. Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Atsala awiri," mwamuna wake anamunong'oneza. "Zili bwino?"

Mayiyo anaimasula lenziyo, kuipukuta, kuimanganso. Dzina la mlamu wake linamveka. Anadina, kamera inakana. Anadinanso mwamphamvu, inajambula. Pomwe ankatsitsa kamera, mtsikanayo anali atakhala kale pampando.

Kunyumba anapeza apongozi atawakhazika tsonga, atavala malaya awo atsopano, magalasi ali kumaso.

"Bwera nazo, mwanawe."

Mayiyo anawaonetsa. Pachithunzipo panali zinthu zoyerayera ngati utsi. Apongozi anayang'ana nthawi yaitali, anapukuta magalasi, n'kuyang'ananso.

"Maso angawa atha," anatero motsitsa mawu. "Tandilozerani, wanga ndi uti apa?"



Phunziro: Chokongola padzuwa chikhoza kukuchititsa manyazi mumthunzi. Chida chiyeseni pomwe mukachigwiritsire ntchito, ndipo gulani kwa munthu yemwe mawa mudzamupeza. Pali zinthu zina zomwe sizichitika kawiri. Musawerenge nokha, tumizirani abale ndi anzanu, makamaka ojambula.