Nkhuni Zasungidwa

"Mitengo ija ili kuti, a Msowoya?" anafunsa Flossie, mlangizi wa zachilengedwe, asanazimitse n'komwe njinga yake yamoto.

Mwini esiteti ya fodya kufupi ndi Phwezi, kumpoto kwa dziko lino, Amock Msowoya, anangomwetulira. "Yewo, mama. Tachita monga munanenera. Tiyeni mukaone."

Flossie anayang'ana kumtsinje. Chaka chatha kunali mikuyu ndi misuku, njuchi zili ng'aa, mbalame zikuphokosera. Lero kunali zitsa zokhazokha mpaka m'madzi.

Anakumbukira tsiku limene anadzafotokoza lamulo loletsa eni malo kudula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Pokhala wa ku Thyolo, anafuna kukometsa msonkhano ndi Chitumbuka chake chotola pamsika. "Musunge nkhuni zose!" anatero mokweza, anthu n'kuwomba m'manja. Palibe anamuuza kuti mitengo pa Chitumbuka ndi makuni, ndipo nkhuni ndi nkhuni basi.

Kuseri kwa shedi ya fodya anapeza milu italiitali ya nkhuni, yosanjidwa bwino, yofunditsidwa pulasitiki kuopa mvula. Mkuyu umene anakhala pansi pake tsiku lija anauzindikira ndi khungwa lake.

"A Msowoya, ndinu munthu wophunzira. Munadziwa bwino lomwe chimene ndinkatanthauza."

"Ine ndinamva chimene munanena, mama, ndipo mboni ndi mudzi wonse." Anasisita mulu umodzi ngati mwana wake. "Lamulo timalilemekeza chomene. Sitinasonkhezeko ngakhale chikuni chimodzi. Timadikira inu."