Nsapato za Raelynn

Sabata yonse a pawailesi ankati atsikana a sekondale yathu atenga chikho cha ku Oklahoma cha softball, masewera omenya mpira ndi ndodo. "Mkono wa Raelynn ndi mphenzi," ankatero.

Tagonja masana ano.

Anzathu akwera kale basi. Raelynn, amene ndakhala ndikuwakha mipira yake kuyambira tili ana, wagona chagada pafumbi lofiira.

"Taona mtambo uwo, ngati chikho," akutero. "Kautenge, Kinsley. Si ndiwe wamtali?"

"Dzuka, wamisala iwe. Chaka chamawa ti..."

Sukulu tikumaliza mwezi uno.

Raelynn akuvula nsapato zake zosewerera n'kuziika pamalo omenyera mpira, monga amachitira amene sadzaseweranso. Kenako akuyang'ana zanga.

"Bwera kuno ndikumasule zingwe."