Buluzi Anakanirira Pathanthwe

Panali munthu wina wopenta nyumba zosanja, amene anzake ankamutchula kuti Buluzi chifukwa chodziwa kukwera. Amene anandiuza akuti zinachitikadi. Loweruka lililonse Buluzi ankapita kokakwera matanthwe ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe anali mphunzitsi wa masamu. Mlamuyo ndi amene anamuphunzitsa masewerawa.

Lamulo la mlamuyo linali limodzi. Wotsogola akakwera pang'ono, azilowetsa kachitsulo mumng'alu wa thanthwe n'kukolekapo chingwe. Ukaterereka, chingwe chimakugwira pa kachitsulo komaliza. Buluzi ankati zimenezo n'zotayitsa nthawi.

"Alamu, inu mantha anakulowani m'mafupa," ankatero akuseka. "Thanthwe mumachita kuliwerengera ngati mayeso?"

Tsiku lina anapita ku thanthwe lalitali, loima ngati khoma. Anakwera bwinobwino mpaka pakati, pomwe panali kamalo koti anthu awiri n'kuimapo. Mlamu analowetsa tizitsulo tiwiri mumng'alu n'kudzimangirirapo. Tsopano wotsogola anali Buluzi. Iye anavula lamba wa tizitsulo n'kumupatsa mlamu wake.

"Tikundilemera. Kwatsalaku n'kwa ana."

"Tengani ngakhale titatu. Mwala wa kumtundako ndi wofumbutuka, ndauona."

"Mukandipeza pamwamba."

Mlamu asanamalize kuyankhula, munthu anali atanyamuka kale. Kukoka chingwe kukanamugwetsa, ndiye mlamuyo anangomumasulira chingwecho pang'onopang'ono.

Atakwera mamita ngati khumi ndi asanu, mwala umene anapondapo unathyoka. Unadutsa pafupi ndi mutu wa mlamu, ndipo panapita nthawi asanaumve ukugunda pansi. Buluzi anatsala ataponda kamwala kochepa ngati theka la njerwa, zala za manja onse zili mukamng'alu.

Anayang'ana kumwamba. Thanthwe linali losalala, lotuluka ngati mimba. Anayang'ana pansi. Popondera paja panalibenso. Chingwe chinangolendewera kuchoka m'chiuno mwake mpaka kwa mlamu, osakoleka paliponse. Anadziwa kuti akagwa, mphamvu yake izula tizitsulo tiwiri tija, onse awiri n'kupita.

Buluzi anafuula.

"Alamu! Ndakanirira!"

"Ndaona. Musayang'anenso pansi. Pumani."

"Imbani foni!"

"Kulibe netiweki kuno. Pumani, ndatero."

Dzuwa linakwera n'kuyamba kumuwotcha kumsana. Thukuta linkalowa m'maso, koma analibe dzanja lopukutira. Katumba wa mwendo anakungika. 

Mlamu anafuula kuti, "Mverani. Ndimangirira lamba wa tizitsulo uja pachingwe. Inu mukoke ndi dzanja limodzi, kwinako muzigwira ndi mano. Mukalowetsa kachitsulo kamodzi kokha mumng'alumo, tapulumuka."

"Nditaye dzanja? Sindingathe!"

"Ndiye tikhala pompano."

Anakhaladi. Ola loyamba linatha. Buluzi ankaliuza dzanja lamanja kuti taya, koma dzanjalo linkakana ngati la munthu wina. Akangosuntha chala chimodzi, thanthwe lonse linkachita ngati likumukankha pachifuwa. Munthu amene sanaopepo chikhalire anayamba kulira ngati mwana.

"Alamu, dzimasuleni pachingwepo. Mlongo wanu asalire maliro awiri."

"Ndikadzimasula, mudziwa kuti ndakutayani, ndipo mugwa. Sindimasula. Tandiuzani, phazi lamanzere laponda pabwino?"

"Eya."

"Dzanja lamanzere lalowa zala zingati?"

"Zinayi."

"Zala zinayi ndi phazi zimanyamula munthu. Mantha ali nayo ntchito yake, akukuuzani kuti mugwiritse kumanzereko. Amvereni pamenepo pokha. Zinazo akunama."

Ola lachiwiri litatha, Buluzi anachotsa chala chimodzi. Kenako china. Dzanja linatuluka mumng'alu lili lolimba ngati chikuni. Anakoka chingwe, n'kuluma. Anakokanso, n'kuluma. Milomo inang'ambika, magazi akuyenderera pachibwano. Lamba atafika, kachitsulo koyamba kanamupulumuka m'manja n'kugwa. Kachiwiri kanali kakakulu, sikanalowe. Kachitatu kanalowa n'kugwira.

Anakolekapo chingwe, n'kuwonjezera kena pambali pake monga anamuuzira mlamu. Kenako mlamuyo anamutsitsa pang'onopang'ono ngati thumba la simenti mpaka pa kamalo kaja.

Onse awiri anafika pansi dzuwa litapendeka. Mlamu uja, amene mawu ake sananjenjemere tsiku lonse, anapita kuseri kwa galimoto imene anabwera nayo n'kusanza.  

Kunyumba anapeza mkazi wa Buluzi akusita zovala za ana. Ataona milomo ya mwamuna wake, anaimika simbi.

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndangokhulika pang'ono," anatero Buluzi.

"Ayi, mlongo wanga, khala pansi ndikuuze," anatero mlamu. Anafotokoza zonse, osasiyako kanthu.

Mayiyo sanakalipe. Anamuyang'ana mwamuna wake n'kumufunsa motsitsa mawu.

"Kufa nokha sikunakukwanireni, bambo a ana? Mumafuna munditengerenso achimwene anga?"

 Buluzi anangoyang'ana zala zake zosendeka. Mpaka lero mlamuyo amabwera kudzacheza, amaseka ndi ana, koma sanamangenso naye chingwe chimodzi.

Phunziro: Kusaopa si kulimba mtima. Munthu wolimba mtima amaopa akadali pansi, n'kukonzekera, pomwe wodzitama amayamba kuopa pamene palibenso pobwerera. Musanaike moyo wanu pachiswe, yang'anani amene wamangidwa kumapeto ena a chingwe chanu, chifukwa simudzagwa nokha. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu, itumizeni kwa m'bale kapena mnzanu uja amene amati iye saopa chilichonse.