Jeti Yaing'ono

"Nayika jeti yaing'ono, batate, kuti isamadye petulo maningi," anatero Dingani uku akumanga kabuleta ya sikuta yake. Jetiyo ndi kachitsulo kakabowo kamene petulo amadutsira popita mu injini.

Ba Isaac anali pampando wawo pakhonde. Zaka makumi atatu anakonza njinga zamoto ku Matero, koma chiwagwirire sitiroko, pakamwa pawo panangotsala kubuula.

Injini italira, iwo anamva vutolo nthawi yomweyo. Kaliridwe kake kanali kouma, kothamanga. Pa sikuta yotere oyilo amayendera limodzi ndi petulo, ndipo petuloyo akachepa, pisitoni imatentha mpaka kugwira.

Anayesa kunena kuti abwezeretse jeti yakale, koma mawu anakanirira kukhosi. Anamenya mpando ndi dzanja lawo lomwe linatsala lamoyo.

Dingani anasuzumira geji ya kutentha. Singano inali isanasunthe, poti injiniyo inali itangoyamba kumene.

"Ili che bwino, osadandaula," anatero akumwetulira.

Linali tsiku lake loyamba pantchito yoperekera katundu, atakhala zaka ziwiri osagwira ntchito. Ulendo woyamba unali wa ku Chawama, padzuwa la Okutobala. Anavala chisoti n'kunyamuka.

Ba Isaac anatsatira kulira kwa injiniyo ndi makutu mpaka kunazimiririka kuseri kwa msika. Ankadziwa kuti sikutayo sikafika. Misozi inatsika yokha.

Mpongozi wawo Emelda anatuluka m'nyumba, nawapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Bakabwela ba Dingani nizabauza," anatero mokoma mtima, "kuti batate banalila na chimwemwe poona mwana watenga luso lawo."