Kapepala Kofiira Pakhoma

"Tiyambe ndi kalasi imodzi, bwana," anachenjeza mayi woyesa mapulogalamu. "Pulogalamuyi ikalakwitsa, ilakwitse pang'ono."

Mtsogoleri wa gulu lopanga pulogalamuyo anaseka. "Mayi Mantha, mwayambanso?" Kapepala kofiira ka chenjezolo anakamatula pakhoma n'kukamata mbali ina ya khomalo, pa ntchito za sabata yamawa. Pulogalamu yodziwitsa makolo mwana akajomba anaitsegulira sukulu yonse tsiku lomwelo. Phuma, ana inu, phuma!

M'mawa mwake foni inalira. Anali mkazi wake, akupumira m'mwamba.

"Bambo a mwana, uthenga wabwera kuti mwana sanafike kusukulu! Ndili pageti, makolo adzaza, onse alandira uthenga womwewo, ena akulira."

Mtsogoleri uja anayang'ana pakhoma. Kapepala kanali pomwepo.

"Ali m'kalasi, ndakamusiya ndekha," anayankha motsitsa mawu.

"Ndiye bwerani mudzawauze. Akufunsa amene anapanga chinthuchi."