Chule Wogunda Khoma

Abuleki sanafune n'komwe kukhala pansi. Anaima pakati pa balaza, manja kumbuyo, n'kumayang'ana TV ngati mmene amayang'anira wophunzira amene wazimitsa galimoto pamphambano.

Anali atatha zaka makumi awiri ndi zitatu akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Dzina lakuti Abuleki anawapatsa ndi ophunzira awo, poti "buleki!" ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pawo tsiku lonse. Ndiye mlongo wawo atafuna munthu woti aone ngati gemu yatsopanoyo inali yoyenera mwana, sanaganizirenso wina.

"Abambo ake anangogula osandifunsa," anatero mlongoyo akupinda zovala pasofa. "Kusitolo akuti tikhoza kubweza lisanafike Lolemba. Mundiuze zoona, achimwene."

Pa TV timagalimoto ta makatuni tinkathamangitsana mumsewu wokhotakhota, wopanda chikwangwani ndi chimodzi chomwe. Nkhumba yovala magalasi inagenda bakha ndi dzira, bakhayo n'kuzungulira ngati nguli.

"Taonani," anatero Abuleki akuloza ndi mlomo. "Kupitirira mnzako pakona. Lamba palibe, indiketa palibe. Amene anapanga zimenezi sanagwirepo chiwongolero chibadwire."

Mzime, mwana wa mlongo wawoyo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, anali atakhala pakapeti. Gemuyo inali mphatso yake ya tsiku lobadwa ndipo anali atangoisewera masiku atatu. Ankadziwa kuti zimene anganene amalume ake m'nyumba muno sizibwezedwa.

"Muyese kaye, achimwene, musaweruze chiimire," anatero mlongoyo.

Abuleki anakhala m'mphepete mwenimweni mwa sofa, ngati munthu amene sachedwa. Mzime anawapatsa rimoti ndi manja awiri n'kuyamba kulongosola za mabatani.

"Iwe," anamudula. "Ine ndaphunzitsa madalaivala a mathiraki. Yatsa."

TV inagawika pawiri. Pamwamba panali mkango m'kagalimoto kofiira, m'munsi chule wovala chipewa chachikasu. Nyali yoyambitsira mpikisano itasanduka yobiriwira Abuleki anafinya batani, mkango n'kuliyatsa liwiro. Unadutsa nkhumba, unazemba dzira, unalumpha mlatho wothyoka, n'kukafika pamzere womaliza anzake onse ali kumbuyo.

"Basi?" anatero Abuleki. "Zomwezi?"

Mpikisano wachiwiri anauyamba atatsamira. Apa m'pamene anazindikira kanthu kena kamene kanawanyansa kwambiri: kagalimotoko nthawi zina kankakhota chala chawo chisanakankhe n'komwe.

"Imadziwongolera yokha," analengeza. "Akuti mwana asalire, ndiye aliyense azipambana. Rimoti iyi mutaipatsa mbuzi ibwera ndi chikho. Mwana aphunzirapo chiyani pamenepa?"

Anapambananso. Pa mpikisano wachitatu anali ndi mpata woponya diso m'munsi, kuti aone mmene mwana zinkamuyendera. Chule anali atalunjika khoma. Ankagunda, kubwerera pang'ono, n'kugundanso. Atachoka pamenepo anatembenuka n'kumathamanga molowera kumene anzake ankachokera, kenako phava, m'dziwe.

Abuleki anaseka mpaka kutsokomola.

"Chemwali, taonani nokha. Masiku atatu akusewera, zotsatira zake ndi izi. Mwana sakudziwa kumanja ndi kumanzere! Wophunzira wotere ine ndimamutsitsa pomwepo, ndimamuuza kuti Mulungu anamupatsa miyendo, aziyenda wapansi." Anapukuta misozi ya chiseko ndi chala. "Magazi a kwa abambo ake awa. Kwathu kulibe zimenezi."

Mzime anatsegula pakamwa. Amayi ake anamuyang'ana ndi diso lija loletsa mwana kuyankha akulu, iye n'kutseka. Mayiyo anayang'ana chule akudzikoka m'madzi, manyazi n'kumugwira.

"Ndiye mukuti bwanji, achimwene?"

"Bwezani. Lero lomwe. Wamkulu imamupusitsa, mwana imamusokoneza mutu. Nyimbo zake ngati za galimoto yogulitsa ayisikilimu. Mumugulire buku la malamulo apamsewu, ndimubweretsera ine lakale."

Ankanena zimenezi mpikisano wachinayi utayamba kale, ndipo rimoti sanaisiye. Anali atasendera kutsogolo, lilime lili pakona pa mlomo. Mkango unali patsogolo, msewu wonse uli wake.

"Wamva zimene anena amalume ako," anatero mayiyo. "Siya zimenezo, katenge bokosi lake kuchipinda."

Mzime anaika rimoti yake patebulo mwaulemu. Anadzuka, misozi ili lengelenge, n'kulunjika kukhomo.

Mkango unayamba kuchepetsa liwiro. Unayenda pang'ono, n'kuima pakati pa msewu. Nkhumba inadutsa. Bakha anadutsa, akuomba hutala.

"Mwaona?" anakuwa Abuleki, mokondwa ndithu. "Yafa kale! Katundu wa masiku atatu!" Anafinya batani ndi zala zonse ziwiri. Anagwedeza rimoti, anaimenya pabondo, anaipotoza ngati chiwongolero cha thiraki. Mkango sunasunthe. M'munsimo chule yekha ndiye anali kalikiliki, kugunda khoma, kubwerera, kugundanso.

Mzime anaima pakhomo, akupukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja. Anayang'ana amayi ake, kenako anayang'ana pansi.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "mkangowo sungayende. Rimoti yake ndi imene ndasiya patebulopo. Inu ndinu chule."