Amiba Afunsira Mbeta ya M'chigoba

Padangokhala, m'chithaphwi cha kuseri kwa bafa, kachilombo kosaoneka ndi maso, dzina lake Amiba. Analibe mutu kapena mwendo. Poyenda ankangodzikhuthulira kutsogolo ngati phala. Mtima wake unagwa pa Nachigoba, namwali wa m'kachigoba woyenda chimodzimodzi, amene ankamupatukira njira mwaulemu.

Koma atamufunsira, ankhoswe, a Mbululu, anakana. "Nonse mumatayikira poyenda. Ndinu pachibale, ukwati palibe!"

"Mayendedwe ndi ubale, akuluakulu?" anafunsa Amiba. "Inu mumasambira ndi mchira. Mlamba ndi malume anu?"

A Mbululu anatsokomola, nayamba kulondola mizere ya makolo. Patatha masiku atatu, zinadziwika kuti Amiba ubale wake uli kwa Bowa wa pachulu, pomwe Nachigoba ndi wa kwa Ndere.

"Kwatiranani basi!" anatero a Mbululu. "Mkamwini ali kuti?"

"Ndili pano!" anayankha mawu asanu ndi atatu. Podikira mlandu, Amiba anali atagawikagawika pakati monga umachitira mtundu wake, ndipo aliyense ankamukonda namwaliyo mofanana.

Nachigoba anasuzumira, nawawerenga bwinobwino.

"Pepani," ananong'ona, "sindingasankhe mmodzi n'kukhumudwitsa asanu ndi awiri otsalawo."

Analowa m'chigoba mwake, kanthano nako kanathera pakhomopo.